Nkhani Yako Ija Ndawerenga

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, kupatula bondo lija lomwe limandikumbutsa zaka zanga kukangozizira. Chiperoni chatigwira masiku anayi, moti yunifolomu yanga ya Mvano ikuumira m'nyumba.

Nkhani yako ija ndawerenga. Unanditumizira pa WhatsApp n'kungolemba kuti "Amayi, mukapeza mpata," ndiye ine ndinkayesa ndi zikalata za kuntchito. Ndinaiyamba Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndipo foni inandithimira nditafika pomwe anyamata awiri aja akutsika phiri la Zomba, mvula itawapeza ku damu la Mulunguzi, atafunda jekete imodzi. Tulo sindinatione. Kutacha ndinakatchajitsa kwa aneba a sola n'kumaliza. Papita milungu iwiri ndisanakuyankhe, ndipo ndikudziwa kuti kukhala chete kwangako kwakuzunza kuposa mawu alionse omwe ndikanalankhula. Undikhululukire. Ndimafuna mtima uyambe watsika.

Ndiyambe ngati mphunzitsi, poti choko ndinachigwira zaka 34. Kulemba umatha. Pamene panandigwira mtima si paphiri paja ai, koma pachiwaya cha ku Chikanda, pomwe wamkuluyo akugula tchipisi ndi ndalama yake yomaliza, n'kunama kuti iye wadya kale, kenako n'kumangoyang'ana mnzakeyo akunyambita mchere kuzala. Anyamata amenewa sakudziwa dzina la chomwe chikuwachitikira, ndipo iwe sunathamangire kuwapatsa dzina. Pamenepo usakhudzepo. Wina ali ndi mtsikana kwawo yemwe amamukondadi, winayo amadzuka pakati pa usiku kupemphera kuti zimuchoke, ndipo onse awiri ndinawakhulupirira. Mutu 7 wokha ndiwo waterereka. Akulankhulana ngati anthu a m'mafilimu a pafoni, mawu oti mwana wa ku Chiradzulu sangawatulutse ngakhale atamwa. Kwathu kuno chikondi chimabisala mu "wadya?" ndi "ndikuperekeze". Ubwerere kumeneko.

Tsopano chomwe chandilembetsa kalatayi. Mnyamata wamkulu uja ndamuzindikira. Chipsera chapachikope, kiyibodi ya kutchalitchi, kuseka atagwira pakamwa, ngakhale boma lakwawo sunasinthe. Ndi mnzako uja unabwera naye pa holide ya chaka chachitatu, amene anandikonzera chitseko cha kukhitchini n'kumaliza mbale ziwiri za kalongonda. Ngati ine wamagalasi omanga ndi ulusi ndamudziwa patsamba lachitatu, nanga amene ankagona naye hositelo imodzi? Wati ukufuna kumaika mutu umodzi pa intaneti sabata iliyonse. Momwe ililimu usaiike. Za iwe mwini ungachite nazo momwe ukufunira, koma za mnzako si zako zoti ukometsere nkhani. Umufunse kaye, maso ndi maso. Akakana, basi wakana. Ngakhale alole, chipsera uchotse, kwawo umusamutse, umupatse mpira m'malo mwa kiyibodi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo uyo ali ndi mayi ake omwe sanatumiziridwe kalikonse pa WhatsApp.

Sindikungokuopseza. Iwe unali Sitandade 5 pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe ku Chirimba mu Disembala 2009. Patangopita masiku awiri anali m'manja mwa apolisi, ndipo mu Meyi 2010 khoti linawagamula zaka 14 aliyense. Anatuluka chifukwa Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, Ban Ki-moon, atabwera m'dziko muno. Chomwe sindiiwala ndi khamu lomwe linkadzaza pakhoti ku Blantyre kukawawowoza, ngati kukaonera gule. Malamulo aja oletsa kugonana kwa amuna okhaokha sanapite kulikonse. Gawo 153 la Penal Code likadali ndi zaka 14 zake, gawo 156 zaka 5, ndipo mu 2011 anaonjezapo gawo 137A lokhudza akazi. Mu Juni 2024 oweruza atatu ku Blantyre anakana kuwafafaniza. Kungowoloka pa Muloza pompa, anzathu a ku Mozambique anachotsa lamulo lotere mu 2015, ndipo ku South Africa amuna okhaokha akhala akumanga maukwati kuyambira 2006, koma iwe lendi ukulipira ku Area 25. Magawo amenewa akunena za zochita, osati zolemba, n'zoona. Koma landilodi sawerenga magawo, bwana kuntchito sawerenga magawo, ndipo alipo anyamata omwe amadya ndalama za anzawo powaopseza kuti awaulula. Dzina lako lenileni usaikepo, nambala yako ya foni isayandikire n'komwe.

Pali munthu wina m'nkhanimo amene wandipweteka. Mayi uja. Wamuveka duku loyera, wamupatsa Baibulo m'khwapa, ndipo mwana wake atangotsegula pakamwa, iye akutaya zovala zake panja mvula ikugwa, n'kunena kuti bola akanabereka mwala. Ndinawerenga tsamba limenelo katatu. Poyamba ndinapsa mtima, ndinati mwanayu wandiweruza asanandifunse. Kenako ndinakumbukira Julayi 2023, pamene mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Ndinakwera minibasi m'mamawa kupita ku Blantyre, ndinanyamula chikwangwani, ndinaimba mpaka mawu kusasa, ndipo chithunzi changa ndinakutumizira iweyo monyadira. Unangoyankha kuti "Mwayenda bwino, amayi?" Lero ndi pamene ndikulimva funso lija. Mayi wa m'nkhaniyo sunamutole kutchire, ndinakupatsa ndekha.

Tsiku limenelo ndinkafuula nawo kuti izi n'zobwera ndi azungu, chonsecho pansi pa mtima ndinkadziwa kuti sizonse. Agogo ako aamuna anagwira m'migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo mawu oti mathanyula ndinayamba kuwamva kwa iwo, akunong'onezana ndi anzawo pansi pa mtengo wa mango za moyo wa m'makomboni, ine ndikunamizira kusenda chinangwa. Kunalibe intaneti, kunalibe mabungwe.

Usaganize kuti ndasanduka munthu wina m'milungu iwiri. Baibulo langa sindinalitseke, ku Mvano ndipitabe Lachinayi, ndipo pali zambiri zomwe zikundikanika kumeza. Ndakhala ndikupemphera, mwina osati pemphero lomwe ungalifune, mwinanso osati lomwe abusa angalifune. Koma zovala zako sindingazitaye panja. Ndinakuchapira matewera pachitsime nthawi ya chilala, ndinagulitsa mbuzi zitatu kuti ukalowe ku Chancellor College, ndiye palibe chimene ungandiuze choti chisandutse nyumba ino kukhala ya eni. Ngati mayi ujayo akuyenera kukhala wouma mtima kuti nkhani iyende, musiye, alipodi otero ndipo ena ndimakhala nawo benchi imodzi. Koma umupatseko usiku umodzi wosagona. Palibe mayi amene amathamangitsa mwana n'kukapeza tulo.

Sindikufunsa ngati wamng'ono uja ndiwe. Mwina ndiwe, mwina ndi theka lako, mwina iwenso ukadali pakati pa mtsinje ngati iyeyo. Ukafuna kundiuza kanthu, udzandiuze pakhonde pano ndi pakamwa pako, osatuma anyamata a m'nkhani. Usakadzafuna, sindidzakukumba. Funso langa lija loti mpongozi ali kuti ndalisiya, ndipo azakhali ako akaliyamba pa Khirisimasi ndidzawayankha ndine. Chimodzi chokha ndikukuletsa ndi mphamvu zanga zonse: usadzatenge mwana wa eni n'kumulowetsa m'banja pofuna kutitseka pakamwa. Ndaona akazi akufota m'nyumba zokongola, akumadzifunsa kuti analakwa chiyani, ndipo sindikufuna kudzavina pa ukwati wotero.

Amalume ako asaione kaye nkhaniyi. Mukudziwana, amayamba ndi kukuwa, kuganiza kumabwera mawa lake. Nthawi yake ikadzakwana, ndidzapita ndekha ndi nkhuku m'manja.

Mwezi ukatha ubwere. Undigulire magalasi a nambala yomwe ija, ndipo nkhaniyo uisindikize papepala, pafoni maso akuwawa. Wandisiya wamng'onoyo ataima pa depoti ya Zomba ndi chikwama, basi ya kwawo ikuitanira, ndipo sindikudziwa ngati akwere. Mnzako uja akakhala ndi mpata, ubwere naye. Chitseko chija chayambanso kukhula pansi.

Ndine mayi ako.