Thupi likusintha ndipo mtima wanga wazima: kodi ndi kukula chabe kapena matenda?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 48, mphunzitsi wa kupulayimale m'boma la Dedza. Ndili pabanja ndipo ndili ndi ana anayi. Kalata ino ndaiyamba katatu n'kuing'amba. Lero ndalimba mtima chifukwa zomwe zikundichitikira sindingathenso kuzisenza ndekha, ndipo onse omwe ndawafotokozera akungondiyankha mawu amodzimodzi: "Ndi kukula kumeneko, muzolowera."

Zinayamba chaka chatha mvula itangoyamba. Msambo wanga, womwe zaka zonsezi unkabwera pa nthawi yake, unasokonekera. Mwezi wina ubwera kawiri, kenako ndikhala miyezi itatu osaona kanthu, kenako ubwera wambiri moti ndinkaopa kutembenuka kuti ndilembe pabolodi ana akundiyang'ana. Patsogolo pake kunabwera kutentha. Mukudziwa mmene kumazizirira kuno mu June ndi July, anthu akufunda mabulangete awiriawiri. Ine ndimadzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, zovala zitanyowa, mtima ukugunda ngati ndimathamanga. Ndikadzuka cha m'ma 2 koloko, tulo tatha basi. Ndimangoyang'ana kudenga mpaka atambala kulira.

Zathupizi ndikanazipirira, Azakhali. Chandilembetsa kalata ndi mtima.

Sindikudziwa kuti ndifotokoze bwanji kuti mundimvetse. Si chisoni ngati cha maliro ayi, poti chisoni cha maliro umadziwa yemwe ukulira. Ichi chili ngati munthu wathira madzi pamoto womwe unali mkati mwangamu. Ndinali munthu wokonda kwaya, ndaimba zaka zoposa 20, koma tsopano tsiku lophunzira nyimbo likafika ndimapeza chonamizira. Dimba langa la kachewere chaka chino ndangolisiya m'manja mwa waganyu, sindinapondeko ngakhale kamodzi. Mu March mwana wanga woyamba anachira, mwana wamwamuna, mdzukulu wanga woyamba. Anandipatsa kuti ndimunyamule, azimayi akululutira, ine ndikumwetulira kuti anthu asadabwe, koma mumtima munalibe kalikonse. Usiku umenewo ndinalira mpaka kucha, ndikudzifunsa kuti ndine gogo wamtundu wanji.

Kusukulu nako zinthu sizili bwino. Ndimaphunzitsa Sitandade 7, kalasi yomwe ndaiphunzitsa zaka zambiri, koma ndimatha kuima pakati pa chiganizo mawu atandithawa, choko chili m'manja. Makope a ana aunjikana osachonga. Tsiku lina ndinakalipira kamtsikana kena chifukwa chongogwetsa cholembera, ndinakakalipira mpaka kalasi yonse inangoti zii. Mwanayo sanalakwe chilichonse. Pa nthawi yopuma ndinapita kuseri kwa kalasi kukalira, ndipo mpaka lero ndikamuona ndimamva manyazi.

Pali china chomwe sindinauzeko munthu. Usiku wina ndili chigonere ndinaganiza kuti zikanakhala bwino ndikanangogona osadzukanso, kuti mwina ana ndi bambo awo angapepukidwe. Sindinakonzepo zodzipweteka, ndipo sindikufuna kutero. Koma ganizo limeneli labwera kangapo tsopano, ndipo likundiopsa chifukwa si ine munthu woganiza choncho.

Kunyumba, bambo a ana anga ndi munthu wabwino, takhala limodzi zaka 26. Koma zakuchipinda zavuta. Chilakolako chinatha, ndipo tikakhala malo amodzi ndimamva kuwawa chifukwa thupi ndi louma. Ndinachita manyazi kuwauza zoona, ndiye ndimangoti ndatopa. Iwo anayamba kuganiza kuti ndasiya kuwakonda kapena pali wina, mpaka anakaitana ankhoswe. Pabwalo lija ndinangokhala chete, misozi ili mbwembwembwe. Ndikanayamba bwanji kufotokoza za msambo pamaso pa malume anga ndi alamu anga? Ankhoswe anagamula kuti ndisiye mwano ndipo ndizilemekeza banja. Titatha, mayi wina wachikulire ananditengera pambali n'kundiuza zosiyana, kuti mkazi akasiya kusamba sayeneranso kukhala malo amodzi ndi mwamuna, apo ayi mimba imatupa. Ndiye ndimve ziti?

Chomwe chimandisowetsa mtendere koposa ndi kukumbukira mayi anga. Mu 1992, chaka cha chilala chija, ine ndili ndi zaka 15, iwo anali amsinkhu wangawu. Anali mayi wansangala, wodziwa kuphika thobwa lomwe mudzi wonse unkalitama. Mwadzidzidzi anasiya kuyankhula. Ankakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse, chitenje atachimasula pachifuwa akuti akumva kutentha, chakudya osachikhudza. Ena ankati ndi nkhawa ya njala, ena ankati alodzedwa. Anawatengera kwa asing'anga awiri, anawatema mphini m'mutu ndi pachifuwa, mbuzi ziwiri zinapita. Panalinso ena omwe anayamba kunong'ona kuti mayi wodzuka usiku n'kumazungulira pabwalo ndiye kuti amatamba. Ine ndinali mwana, ndinkachita nawo manyazi, sindinkafuna anzanga abwere kwathu. Patapita zaka ngati zitatu anayambanso kuseka pang'onopang'ono, koma sanabwererenso mwakale. Anatisiya mu 2014. Lero ndi pamene ndikumvetsa kuti ankadzuka usiku chifukwa cha thukuta ndi kusowa tulo, ngati ine. Ndikanakonda ndikanawapepesa.

Musaganize kuti sindinapite kuchipatala. Ulendo woyamba anandiyeza malungo, sanapezeke. BP anati yakwera pang'ono koma si yodetsa nkhawa. Anandipatsa panado n'kundiuza kuti ndichepetse maganizo. Ulendo wachiwiri ndinalimba mtima kunena kuti sindigona ndipo ndimangolira. Pamzere panali anthu ambiri, dokotala sanandiyang'ane nkhope nthawi yaitali. Anandilembera timapiritsi ta amitriptyline, anati ndizimwa usiku. Sanandiuze kuti ndi ta chiyani kapena kuti ndimwe mpaka liti. Ndinagonadi, koma m'mawa ndinkadzuka mutu uli wolemera, kukamwa kuli gwa, mpaka ndinachedwa kusukulu kawiri. Patatha masiku 5 ndinasiya.

Amene wanditsegulako maso ndi mwana wa mchemwali wanga, yemwe ndi namwino. Anabwera kudzationa pa tchuthi, anandipeza ndili pakhonde chakudya chitazizira, ndipo anandifunsa mafunso omwe palibe anali atandifunsapo. Anandiuza kuti amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo munthu amatchedwa kuti wasiyadi akatha miyezi 12 yotsatizana osasamba. Koma zisanafike pamenepo pamakhala zaka zingapo zomwe mahomoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa ntchito zake) ochokera m'thumba la mazira, makamaka estrogen ndi progesterone, amakwera ndi kutsika mosalongosoka. Anati estrogen sagwira ntchito pa zaubereki zokha, amakhudzanso ubongo, mbali zoyang'anira tulo, kutentha kwa thupi ndi mmene munthu akumvera mumtima. N'chifukwa chake nthawi imeneyi amayi ena amadwala matenda ovutika maganizo ngakhale pakhomo pali mtendere. Anatinso munthu akatha masabata awiri kapena kuposa ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zomwe ankazikonda zisakumusangalatsanso, achipatala amati amenewo ndi matenda ofunika chithandizo. Ine ndadutsa miyezi 8.

Kenako anandifunsa ngati zoterezi zinandichitikirapo nditabereka. Ndinadabwa, chifukwa mu 2006 nditachira mwana wachitatu ndinakhala miyezi inayi ndikungolira, mwana ndikumuyamwitsa ngati wa eni. Apongozi anga ankati ndi ulesi wa uchembere. Iye anati amayi omwe anavutikapo maganizo atabereka amakhala pachiopsezo chachikulu choti zibwerenso akamayandikira kusiya kusamba, poti nthawi zonse ziwirizi mahomoni amasintha kwambiri. Za mapiritsi aja anati ndinafulumira kusiya, chifukwa mankhwala a mtunduwu amayamba kuthandiza maganizo pakapita masabata angapo, ndipo kuuma kukamwa ndi kulemera mutu ndi zodziwika poyamba. Anati alipo ena monga fluoxetine omwe sagonetsa choncho. Anandilangizanso kuti ndikayezetse magazi, popeza kutaya magazi ambiri kumachepetsa magazi m'thupi ndipo munthu amafooka, komanso chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka zizindikiro zake zimafanana ndi zangazi.

Mawu akewo anandipepuza, koma anabwerera kuntchito kwake kutali, ndipo ine ndatsala ndi mafunso ambiri kuposa kale. Ndi mwana kwa ine, pali zina zomwe sindikanatha kumufunsa.

Choyamba, Azakhali, ndipite kuti, ndipo ndikanene chiyani kuti andimvere? Ndikalowa m'chipinda cha dokotala mawu amandithera, ndimangoti mutu ukupweteka. Ndamva kuti m'zipatala za maboma mumakhala anamwino oona za matenda a maganizo, komanso kuti a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amapereka uphungu. Koma ndikuuzeni zoona, ndikuopa. Kuno munthu akangomva kuti wakaonana ndi a zamaganizo, mawa mudzi wonse ukuti wapenga, akum'tumiza ku Zomba. Ine ndine mphunzitsi, makolo amandipatsa ana awo. Zikamveka, adzandikhulupirirabe? Kodi nkhani zoterezi kuchipatala amazisungadi mwachinsinsi?

Nanga mankhwala obwezeretsa mahomoni, omwe ena amawatchula kuti HRT? Mnzanga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg anandiuza pafoni kuti iye akumwa, ndipo thukuta la usiku linatha, akugona bwino. Koma ndamvanso kuti si aliyense woyenera kumwa, makamaka amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena vuto la kuundana kwa magazi. Ine ndi BP yanga yokwera pang'onoyi, angandilole? Ndipo ngati vuto langa lalikulu ndi mtima wozimawu, chofunika ndi mahomoni, mankhwala a maganizo, uphungu, kapena zonse pamodzi? Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa, ndipo ana awiri akadali kusekondale. Sindingakwanitse kumangoyendayenda m'zipatala zolipira.

Ndimapemphera, ndipo amayi anzanga akumpingo abwera kawiri kudzandipempherera. Ndimawathokoza kuchokera pansi pa mtima. Koma mmodzi ananena kuti Mkhristu weniweni sakhala ndi nkhawa, ndipo mawu amenewo anandilasa. Munthu wa shuga akamwa mankhwala palibe amati chikhulupiriro chake chachepa. Kodi ndikulakwa kuganiza kuti nanenso ndingapemphere uku ndikulandira chithandizo?

Koma chachikulu chomwe ndikupempha ndi ichi: ndiwauze bwanji bambo a ana anga? Dzulo usiku ndinawamva akutembenuka, nawonso sanagone. Ndinafuna kuwagwira dzanja ndi kuwauza kuti palibe mwamuna wina, kuti sindinasiye kuwakonda, kuti ndikudwala ndipo ndikufuna andiperekeze kuchipatala. Pakamwa panakana kutseguka. Tinaleredwa kuti nkhani za kumwezi mwamuna sauzidwa, ndipo m'zaka 26 sindinatchulepo mawu amenewa pamaso pawo. Ndiyambire pati? Ndipo za ganizo lija losafuna kudzukanso, ndiwauze iwo kaye kapena ndiyambe ndauza achipatala?

Ndili ndi ana aakazi awiri. Wamng'onoyo ali ndi zaka 15, ndipo sabata yatha ndinamumva akuuza mnzake pageti kuti asalowe, amayi sakupeza bwino.

Chonde ndiyankheni msanga.

Ine mayi wosowa tulo,
Dedza