Mawu akuti abortion atidanitsa kuno ku Joni

A Mkonzi,

Alamu anga anapita padera mwezi watha, ndiye pakhadi lakuchipatala adokotala analemba kuti "spontaneous abortion", achimwene kungoona mawuwo basi mkangano, eti achotsa dala. Abale inu, kwa madokotala mawu akuti abortion amatanthauzanso mimba yongochoka yokha! Chichewa chathu chimasiyanitsa bwinobwino, kupita padera ndi tsoka, kuchotsa kapena kutaya mimba ndiye kwadala. Azulu nawonso amati ukuphuphuma kwesisu, kwinaku ukukhipha isisu. Ine ndimada timapepala totsatsa zochotsa mimba tolembedwa kuti abortion tomata m'mapolo ku Hillbrow, tazoloweza anthu tanthauzo limodzi lokha. Pajatu kuno lamulo la 1996 limalola mayi kuchotsa mpaka masabata 12, pomwe kwathu pokhapokha moyo wake uli pachiswe. Alamuwo mpaka lero akugona kwa achemwali awo ku Rosettenville.

Wowerenga wanu,
Johannesburg