Fumbi la m'chigayo lidzatiphera ana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chigayo china chachikulu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Dzina sinditchula, koma amene amagayitsa chimanga chambiri akuchidziwa. Loweruka lapitali thumba la nsalu losefa fumbi, lija limakhala kuseri kwa saikoloni (chimgolo cholekanitsa ufa ndi mpweya), linang'ambika. Bwana wake sanazimitse makina. Anangolimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kuuza anyamata kuti apemerere ndi kompuresa ufa womwe waundana pa mitanda ya denga. Nthawi yomweyo mmisiri anali kuwotcherera chitseko m'chipinda chomwecho! Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito mmenemo, ndipo anabwera kunyumba ali mbuu, akutsokomola, osadziwa kuti wapulumuka lokumbakumba.

Bwanayu akudziwa kuti ufa umaphulika? Ukakhala m'thumba sukhala ndi vuto. Koma ukamwazika mumpweya m'nyumba yotseka, kamoto kothetheka kamodzi kokha kamauyatsa wonse nthawi imodzi. Kuphulika koyambako kumasasa fumbi lonse la pa mitanda ndi m'makoma, ndiye kwachiwiri n'kumene kumagwetsa nyumba. Izi zinachitika mu February 2008 pa fakitale ya shuga ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, m'chigawo cha Georgia ku America, ndipo anthu 14 anafa. Linali fumbi la shuga, wothira mu tiyi yemweyu.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi mphirawo. Munthu wogula galimoto yatsopano alephere kugula thumba losefera? Fumbi limene nsalu yong'ambika ikulephera kugwira likuthera m'mapapo mwa ana a eni ake. Makina okoka fumbi amafuna kuwaganizira asanamangidwe. Fani ikhale yamphamvu molingana ndi mapaipi, apo ayi ufa umakhazikika m'kati mwake. Chosefera chikhale kunja kwa nyumba, ndi kachitseko kotulutsira mphamvu ya kuphulika koloza kumene kulibe anthu. Polowera chimanga pakhale maginito ogwira misomali isanakumane ndi nyundo, ndipo zitsulo zonse zilumikizidwe ndi waya wopita pansi. Pa chigayo chimenechi palibe n'chimodzi chomwe, pali mphira basi.

Ndipo ife a ku Tete nkhani ya fumbi si yachilendo. Abale athu a ku Moatize akhala akulira ndi fumbi la malasha kwa zaka, zovala zochapa kuda zikadali pa chingwe, mpaka mu 2018 anthu anakwiya n'kukaimitsa ntchito pa mgodi. Kumeneko atolankhani amapitako ndithu. Nanga zigayo, malo ochekera matabwa ndi mophwanyira miyala ku Tsangano, ku Furancungo ndi ku Zóbuè, amaunikako ndani?

Ndikupempha akuluakulu a Inspecção Geral do Trabalho, nthambi ya boma yoyendera malo a ntchito, pamodzi ndi a Administrador athu, kuti ayendere zigayo zonse zazikulu mosachenjeza, kukolola kusanayambe. Akapeza thumba lomangidwa ndi mphira, kapena wina akuwotcherera pamene makina ali mkati mogaya, atseke pompo mpaka zitakonzedwa. Fumbi lizisesedwa makina atazima, ndipo kompuresa ayiletseretu.

Ine wodandaula,
Ulongwe, Angónia