Shuga si nthenda ya onenepa okha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chizolowezi chonena kuti aliyense wodwala shuga anadziputira yekha ndi kudya. Zakudya komanso kukhala osagwira ntchito yokhetsa thukuta zili ndi mbali yake, koma china timabadwa nacho, chochokera kwa makolo kudzera m'majini (genes), timalangizo ta m'maselo athu tolamula mmene thupi limagwirira ntchito.

Kwa anthu ena thupi limapanga bwinobwino insulin, homoni yothandiza shuga kulowa m'minofu, koma minofuyo siimvera, ndiye shuga amangozungulira m'magazi. Kapamba amachulukitsa insulin pofuna kukakamiza, mafuta a m'magazi amakwera, mitsempha imayamba kuuma, ndipo pamapeto pake wolipira ndi mtima. Mu 2014 ofufuza anapeza kuti anthu ambiri a ku Greenland ali ndi jini yotchedwa TBC1D4 yomwe inasintha n'kumachititsa minofu kusamvera insulin, ndipo amene anaitengera kwa mayi ndi bambo omwe chiopsezo chawo cha shuga chimawirikiza pafupifupi kakhumi.

Majini ena amateteza ndithu. Mu 2006 kunadziwika kuti anthu ena akuda a ku America, omwe jini yawo ya PCSK9 sigwira ntchito mokwanira, amakhala ndi kolesitero (mtundu wa mafuta a m'magazi) yochepa ndipo sadwala mtima kawirikawiri.

Chondidandaulitsa n'chakuti kafukufuku wambiri wa majini wachitika pa azungu, chonsecho kuno ku Africa n'kumene majini a anthu amasiyanasiyana kwambiri. Podikira kuti zimenezi zisinthe, azachipatala azifunsa ngati m'banja muli wa shuga kapena BP, ndipo munthu woonda asamabwezedwe osayezedwa.

Wowerenga wanu,
Zomba