Tisapereke ndalama za puloti tisanaone kaundula wa malo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a ku Thyolo ndi Mulanje amene akugula mapuloti ku Luchenza, Bvumbwe, Chitakale ndi Limbuli pongodalira kalata yosainirana pamaso pa mboni ziwiri.

Chaka chatha alamu anga, omwe ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito, anathira ndalama zawo za penshoni pa puloti ina m'mbali mwa msewu wopita ku Mulanje. Wogulitsa anawayendetsa m'malire, anabwera ndi mboni zake, ndipo analumbira kuti malowo anamusiyira ndi makolo ake. Maziko atakumbidwa, njerwa zitaotchedwa, kunatulukira anthu ndi mapepala osonyeza kuti malowo ali pa lizi ya munthu wina, yemwenso anawapereka ngati chikole pa ngongole ya ku banki. Lero nkhani ili kukhoti, wogulitsa uja sakupezeka, ndipo njerwa zija zamera ndere.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi zinali zolembedwa kale m'kaundula wa boma. Malo alionse amene ali pa lizi amakhala ndi nambala yake, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wopita ku ofesi ya zamalo, kulipira kandalama kochepa poyerekeza ndi mtengo wa puloti, n'kupempha kuti amufufuzire. Yankho lake limasonyeza dzina la mwini, zaka zimene lizi inaperekedwa, ngati pali ngongole imene malowo akuimira, komanso ngati wina anaikapo chiletso kuti asagulitsidwe. Dzina likasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa, ndalama zisatuluke m'thumba. Ndipo ngati mwini wolembedwayo anamwalira, wogulitsa aonetse chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, chifukwa kukhala mwana woyamba sikokwanira.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston, mtsogoleri wa boma la atsamunda pa nthawiyo, anapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu, malo ambiri achonde ali m'manja mwa maesiteti a tiyi, ndipo anthu tinapanikizana pa kadera kotsala, mpaka mabanja ena anasamukira ku Machinga ndi Mangochi kudzera mu pulojekiti ya Kudzigulira Malo. Munda wa mfumu ndi malo a esiteti nthawi zina zimangolekana ndi kanjira kapena mzere wa bulugamu, ndipo amene amadziwa malire enieni ndi mapu a boma ndi zikhomo za opima malo, osati chala cha wogulitsa. Sindikupeputsa mafumu athu. Pa malo a makolo mawu awo ndi ofunika, koma mfumu singapereke malo amene analembetsedwa kale m'dzina la munthu wina.

Pempho langa ku Unduna wa Zamalo ndi ili. Malamulo a zamalo a 2016 anatsegula njira yoti kalembera wa malo azichitikira m'maboma, mothandizidwa ndi makomiti a m'midzi ya magulupu. Munthu wa ku Muloza kapena ku Thekerani akaganiza za mtengo wa minibasi yopita ku ofesi ya zamalo ku Blantyre ndi kubwerera, mwinanso kawiri, amangoti bola kukhulupirira mboni. Tikufuna kuti kafukufukuyu azitheka pa boma la Thyolo ndi la Mulanje, mtengo wake ulembedwe poonekera m'Chichewa, ndipo wolipira aliyense azilandira lisiti ya boma.

Ine wowerenga wanu,
Luchenza, Thyolo