Kalata yopita ku Leeds: za mzere wofiira

Bangwe, Lamulungu usiku

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako inandipeza Lachinayi, anabwera nayo achimwene ako pamodzi ndi nsapato zija. Zikomo kwambiri, zandikwana ngati unachita kundiyeza phazi ndili mtulo. Koma iwe, chithunzi unaikamo chija! Majekete ndinawerenga atatu, chipewa mpaka m'maso. Ndiwe yemwe uja unkayenda wopanda juzi mu Juni ku Dedza, n'kumatiseka ife kuti tili ndi magazi a ku Chikwawa? Leeds wakuphunzitsa ulemu ndithu.

Kuno tilipo. Malume a ku Thyolo aja anatisiya mwezi watha, ndikhulupirira unamva. Anaikidwa Loweruka, ine ndinafika anthu akubwerera kale kumanda. Mvula chaka chino yatichitira chifundo, chimanga cha amayi chili bwino.

Wadandaula kuti mashifiti a maola 12 akukuthyola msana, kudzutsa ndi kusambitsa agogo a eni ake tsiku lonse. Ndakumvera chisoni, usaganize kuti ndikupeputsa. Koma muli mawu amodzi m'kalata mwako amene andisowetsa tulo. Wati ukawonjezera ola, olalo umalipeza pa pepala la malipiro. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinaipinda kalatayo n'kukhala phee pa mkeka.

Ndikuuze za buku la kuntchito kwathu. Lili pakhomo polowera, lalikulu, lachikuto chakuda, cholembera chake anachimangirira ndi chingwe kuti wina asapite nacho. Ukafika umalemba dzina ndi nthawi, n'kusaina. Ikangokwana hafu pasiti seveni, mayi wa pa resepishoni amatenga rula ndi cholembera chofiira n'kujambula mzere kuchokera mbali iyi mpaka mbali iyo. Wasaina kunsi kwa mzerewo wachedwa, kaya ndi mphindi ziwiri. Ukapezeka kunsi katatu pamwezi, kalata ya chenjezo. Tsono ikakwana 5 koloko madzulo, mayi yemweyo amatseka bukulo, kuliika m'kabati, kukhoma, n'kumapita kwawo. Ife a ku akaunti timatsala. Mawa lake tikafika amatiuza kuti malo a nthawi yoweruka tonse tilembe 17:00, kuti buku lioneke bwino. Dzanja langa lomweli lalemba 17:00 pa masiku amene ndinatuluka pageti mwezi uli pamutu.

Mwina ukuti ndi kutha kwa mwezi kokha, ngati kale lija tikugwirira limodzi. Ayi. Kumayambiriro kwa mwezi timatseka mabuku ndi kuwerenga katundu m'sitolo. Tisanapume, PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, iyenera kukhala itapita ku MRA, bungwe lotolera misonkho, pofika pa 14. Tikatero VAT, msonkho wa pa malonda, ikudikira pa 25, ndipo pomwepo malipiro a antchito ayamba. Sabata yopuma ili pati pamenepa? Tinalipo asanu, awiri anachoka chaka chatha, m'malo mwawo simunalowe munthu. Magetsi akathima masana ndiye basi, ntchito yonse ya kompyuta imasunthira usiku.

Lachitatu la sabata yatha ndinatuluka patangotsala mphindi 20 kuti ikwane 10 koloko. Mu Limbe nthawi imeneyo minibasi za ku Bangwe n'zochita kupempherera. Ndinakwera kabaza, ndalama ya m'thumba mwanga, chikwama nditachipanikiza pamimba, mphepo ikundilowa m'makutu. Ndinagona cha m'ma 12. M'mawa ndinaimirira pa siteji nthawi yabwino, koma minibasi zinali zochepa, zambiri zili pa mzere wa mafuta. Ndinafika 7:38. Mphindi 8, mnzanga. Mzere unali utajambulidwa kale, inki isanaume n'komwe, ndipo dzina langa ndi limene linayamba kunsi kwake. Kanali kachitatu.

Kalata inabwera 10 koloko, mu envelopu, yotayipidwa bwinobwino. Ndinagogoda kwa abwana. Ndinati, "Bwana, pepani, koma dzulo ndachoka pano usiku, mafayilo a VAT ali pa tebulo panupo." Iwo osakweza n'komwe mutu. Akuti, "Mayi, inu ndi wapamwezi, si waganyu. Ovataimu ndi ya madalaivala ndi onyamula katundu. Wa mu ofesi amaweruka ntchito ikatha." Kenako anakoka dilowa n'kundionetsa mulu wa makalata ofunsira ntchito, akuti ana a madigiri onsewa akudikira mpando. Ndinathokoza n'kutuluka. Ndinakalirira kuchimbudzi, madzi nditatsegula.

Mawu oti si waganyu aja ndi amene akundizungulira m'mutu. Iwe ukudziwa mmene amayi amachitira ndi aganyu kumudzi. Amapita naye kumunda, kumupimira ndime, kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa mango, n'kugwirizana mtengo. Akamaliza amakutumula fumbi, kulandira zake, n'kumapita dzuwa likadalipo. Ukafuna apitirire mtengowo, mukambirananso. Ndime yanga ine ilibe chulu, ilibe mtengo wa mango. Amangoisuntha, ine n'kumalima, ndipo malipiro ndi omwe aja a kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anawonjezerapo kamodzi kandalama kosakwana n'komwe thiransipoti.

APhiri a ku sitolo ndi amene anandionetsa lamulo pa foni yawo, tikudya chipisi kuseri kwa ofesi. Ndi Employment Act ya 2000. Ndinawerenga ndekha ndi maso angawa. Imati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu. Ola la ovataimu pa tsiku wamba ulandire ngati wagwira ola ndi theka. Ukagwira pa tsiku lako lopuma kapena pa holide ya boma, kuwirikiza kawiri. Ndiponso munthu asagwire kupitirira masiku 6 otsatizana osapuma tsiku lathunthu. Ndinafufuza pamene pakuti zimenezi sizikhudza wolandira pamwezi, sindinapapeze. Ife maola athu a pa kontilakiti, Lolemba mpaka Lachisanu kuphatikiza theka la Loweruka, amakwana kale 47. Ndiye tangoganiza, pofika Lachiwiri la sabata yotseka mabuku ndimakhala nditayamba kale kugwira yaulere.

Sindinakuuze, ndinayamba kulemba ndekha. Ndinatenga kope lakale la mwana, masamba otsala kumapeto, ndipo tsiku lililonse ndikafika pageti ndimayang'ana foni n'kulemba nthawi yeniyeni. Mu Malichi, chifukwa cha maodita, ndinapeza maola 53 owonjezera, mkati mwake muli Malamulungu awiri ndi Loweruka la maliro lija. Sabata yathunthu ya ntchito ndi kanthu pamwamba, yosaoneka paliponse koma m'kope la Sitandade 6. Ndinaganiza zopempha alonda a usiku kuti azindisainira ngati mboni, poti ndi iwo amanditsegulira geti n'kundiimitsira kabaza. Koma ndinawayang'ana bambo aja, ndi chikhoti chawo chong'ambika paphewa, ndinati ayi, ndingawachotsetse ntchito. Iwonso ali ndi ana.

Ukuti ndipite ku Leba, ndikukumva uli komweko. Ofesi ilipo, ndipo zikakanika kumeneko kuli khoti la nkhani za ntchito, Industrial Relations Court. Koma mlandu sutha sabata imodzi, pamene lendi ndi fizi sizidikira chigamulo. Ndiponso ndikapita ndekha, buku lakuda lija lidzatulutsidwa, ndipo muli siginecha yanga pafupi ndi 17:00 tsiku lililonse. Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri, kuti umboni wonditsutsa ndinaulemba ndekha. Pa nkhomaliro aliyense amadandaula, mpaka kumenya tebulo. Ndinati tiyeni tilembe kalata imodzi tisaine tonse, anthu anayamba kuyang'ana m'mbale. ANabanda anangoti, "Walira mvula walira matope, si paja unkasala kudya kupempherera ntchito yomweyi?" Zoona ndinapempherera. Koma sindinapempherere kuti mwana wanga azindionera pa Lamulungu pokha.

Mtsikana wako uja ali mu Sitandade 8 tsopano, watalika kukuposa, ngakhale kukuposa iwe si nkhani yovuta. Aphunzitsi amafuna kholo lizisaina homuweki. Ndiye amasiya kope pa tebulo atalitsegula, cholembera pakati, mbale yanga ya nsima atavindikira pambali. Ndimafika ali mtulo, ndimasaina osaona n'komwe ngati masamuwo akhoza. Tsiku lina ndinaona pamene aphunzitsi anadula mzere ndi cholembera chofiira pansi pa ntchito yake, mtima unagunda ngati ndachedwa. Usiku womwewo ndinalota mzerewo utajambulidwa pamsewu pa Chichiri, kuchokera pa sitediyamu mpaka tsidya linalo, minibasi zonse zitaima, mayi uja ali pakati pa msewu ndi rula yake. Ndinadzuka 3 koloko n'kuyamba kusita. Masiku ano ndimadzuka 4 koloko popanda alamu, ndimafika pa ofesi geti lisanatsegulidwe, n'kumadikira panja ndi alonda omwe aja anandiperekeza usiku.

Alamu ako ndi munthu wopirira. Amandidikira pa siteji ndi tochi, nthawi zina ola lathunthu. Koma anthu a pa mpopi ayamba kulankhula, akuti ndi ntchito yanji ya mkazi wapabanja yoweruka 10 koloko, abwera pa njinga ya mnyamata. Anandiuza ndi amake Chisomo, mwachikondi ndithu. Amuna angawo sananenepo kanthu, koma dzana anandifunsa kuti kodi mu ofesimo timatsala angati, ndipo funso limenelo sanayambe andifunsapo. Kukwaya ndinasiya. Amayi a Mvano anabwera kudzandiona poganiza kuti ndikudwala.

Iwe usandiuze kuti ndibwere kumeneko, ine chisanu chako chija sindingachithe, ndipo amayi ndingawasiyire ndani. Ungondiuza, kodi maola akowo amawawerenga bwanji, mumasaina pofika ndi pochoka pomwe? Amasunga ndani? Ndikufuna ndidziwe kuti ndikalankhulenso ndi aPhiri, mwina tikayamba ndi kupempha kuti buku lisamakhomedwe 5 koloko, osatchula n'komwe za ndalama, ena angasaine.

Ndinati ndikuuze bwinobwino za chinkhoswe cha mng'ono wanga. Achimuna ndi a ku Ntcheu, anthu aulemu, nkhuku ndi zonse zakonzeka. Koma tsiku anasankhalo ndi Loweruka lotsatira kutha kwa mwezi, tsiku lowerenga katundu, ndipo ine ndi kalata ya chenjezo ili mufayilo sindikudziwa kuti ndikagogoda bwanji pachitseko chija. Nsalu ndagula kale, ili kwa atelala. Ndimati mwina ndikapemphe Lachiwiri, akakhala kuti VAT yapita bwino, kapena ndingo

Maso akulemera, mnzanga, pepala nalonso latha, ndipo bulauzi ya mawa sindinasite. Upereke moni kwa ana.

Ndine mnzako wa ku Bangwe