Dandaulo la ma Chromebook 24 omwe munatigulitsa

Kwa a Manijala,

Ndikulemba kalatayi nditatopa ndi kuimba foni. Ndine amene ndimayang'anira chipinda cha makompyuta pa sukulu ya sekondale kuno ku Ntcheu, komwe munabweretsa ma laputopu 24 aja kumayambiriro kwa teremu yathayi. Achemwali a pa desiki yanu afika poti akudziwa mawu anga, ndikangopereka moni amayankhiratu kuti abwana ali mu miting'i. Nde ndaona kuti bola ndilembe zikhale papepala, aHedi nawonso asunge kope lawo.

Tsiku lomwe munthu wanu anabwera ndi katundu, ananena pamaso pa aHedi ndi a komiti ya makolo kuti awa ndi ma laputopu ngati ena onse, kungoti ndi opepuka, amayaka msanga, batire lake limakhalitsa. Zinazo ndi zoona sindikana ayi. Amayakadi msanga ndipo magetsi akathima mmawa onse ana amaphunzirabe mpaka masana. Koma mawu oti "ngati ena onse" aja ndi omwe atipweteka. Chromebook ndi makina oti pafupifupi chilichonse chimachitikira mu browser ya Chrome, amafuna akaunti ya Google komanso intaneti, ndipo inu amene mumachita malonda amenewa mukudziwa bwino lomwe. Kumuuza munthu wa ku tauni amene ali ndi wifi kunyumba ndi nkhani ina, koma ife munatiwona komwe tili, munatsika galimoto pakhomo pathu pompano, munaona kuti netiweki imagwira bwino pa khonde la ofesi ya aHedi basi.

Ndiyambe ndi chomwe chikundisowetsa tulo. Pa 24 paja 7 sitinawagwiritsepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ukayatsa, kulumikiza ku intaneti, amalemba kuti makinawa akuyang'aniridwa ndi sukulu ina ya ku America ndipo akufuna akaunti ya sukulu imeneyo. Ndinaimba, mnyamata wanu wa za tekinikali anati ndipange Powerwash, kutanthauza kufufuta zonse kuti makina abwerere ngati atsopano. Ndinapanga. Anati ndipange recovery, kuikanso system yonse ya makinawo ndi fulashi, kudina Esc ndi Refresh ndi batani loyatsira limodzi, ndinapanga, bandulo yanga yomwe inathera pa kudawunilodi fayilo imeneyo usiku. Makina anabwerera pomwe paja. Ndinachita kufufuza ndekha kuti ndimvetse zoti Chromebook ikalembetsedwa ku bungwe kapena sukulu, ngakhale uifufute kangati imakadzilembetsanso yokha ikangoona intaneti, ndipo amene angaimasule ndi admin wa sukulu yomwe inailembetsayo, kuichotsa mu kaundula wawo. Ine kuno ku Ntcheu palibe chomwe ndingachite. Nde funso langa ndi loti, musanatigulitse munawayatsako makina amenewa? Chifukwa mukanayatsa ngakhale kwa mphindi ziwiri mukanaona. Ngati munayatsa nkuona nkutibweretserabe, pamenepo ndiye mwatilakwira kwambiri bwana. Pansi pa ena pakuonekabe zomata za sukulu ya eni ake, wina anachita kukanda ndi chitsulo. Ife munatiuza kuti ndi okonzedwanso bwino, ndipo tinalipira mtengo wa okonzedwanso bwino.

Mwa 17 otsalawo, 9 akulemba uthenga kumunsi kuti makinawa alandira update yake yomaliza, kutanthauza kuti a Google sawatumiziranso zokonza zatsopano za system ndi browser. Izinso munthu wanu sanatchuleko. Chromebook iliyonse ili ndi tsiku lomwe imasiya kulandira ma update, limaoneka mu Settings pa About ChromeOS, ndipo tsikulo sawerenga kuyambira pomwe iwe wagula ayi, amawerenga kuyambira pomwe mtundu umenewo unatuluka. Mu 2023 a Google analengeza kuti ma Chromebook otuluka kuyambira 2021 azilandira ma update kwa zaka 10, nde mukanatipatsa a mtundu umenewo bwezi tili ndi mtendere kwa zaka zambiri. Koma athuwa ndi akalekale. Pa makina oti zonse zimadalira browser, browser ikakalamba ndiye kuti makina onse akalamba. Panopa masamba ena ayamba kale kulemba kuti browser yanu ndi yakale, madamu ena amafuna kulemba fomu ya sukulu ya ukachenjede pa intaneti tsamba linangoyera mbee, anachita kukamalizira pa foni yawo atatsala pang'ono kuphonya tsiku lotsekera.

Koma ndikufuna mumvetse mmene tsiku langa limayendera, chifukwa inu mumangoona invoisi, ine ndimaona nkhope za anthu. Ana ambiri pano kompyuta aikhudza koyamba mchipinda chino. Kuti mwana alowe mu Chromebook pakufunika akaunti, kuti alowe koyamba pakufunika intaneti. Ana a Fomu 1 ambiri alibe foni, nde potsegula akaunti ena anaika nambala ya amalume awo, ena ya mayi awo omwe ali kumudzi ku Tsangano. Sabata yotsatira mwana waiwala pasiwedi, nambala yotsimikizira yapita ku foni ya amalume, amalume ali kumunda foni yathima. Piriyodi ya mphindi 40 imatha ine ndikuzungulira desiki ndi desiki kulimbana ndi ma pasiwedi, mphunzitsi atangoima kutsogolo choko kumanja. Pali njira yabwino yomwe sukulu zimachita, kukhala ndi ma akaunti a sukulu ndi laisensi yoti munthu mmodzi aziyang'anira makina onse malo amodzi, wina akaiwala pasiwedi umangomusinthira pompo. Inu za laisensi imeneyi simunatiuze, mu kotesheni mwanu mulibe, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti zimenezo ndi za sukulu za kunja.

Nde poti tione chochita tinayamba kulowetsa ana ngati Guest, njira yolowera popanda akaunti. Apa mpomwe panachitika chinthu chomwe chandipangitsa kukhala pansi kulemba kalatayi. Mtsikana wina wa Fomu 3, wakhama zedi, anakhala masana onse Loweruka kusonkhanitsa zithunzi ndi kulemba ntchito yake ya Geography, anasunga mu Downloads monga mmene ndinawaphunzitsira kusunga. Anatuluka. Lolemba anabwera ndi nsangala kuti apulinte, mulibe kanthu. Guest ukangotuluka zonse zimafufutika. Mwana uja sanakalipe, sanalire, anangoti "sala, ndiye kuti ndinalakwitsa ine eti, makompyuta si anga". Mawu amenewo andikhala pamtima mpaka lero. Mwana amene sanalakwitse kalikonse akudziona ngati mbuli. Panopa akabwera mu labu amakhala kumbuyo kumangoonerera anzake, ndayesa kumunyengerera koma mantha anamulowa. Bwana, tinagula makinawa kuti ana asamaope kompyuta.

Ngakhale amene ali ndi akaunti zawo sali pabwino kwenikweni. Makinawa ali ndi malo a 16GB okha ndipo gawo lalikulu linatengedwa kale ndi system, akalowamo ana asanu kapena asanu ndi mmodzi malo atha, makina amayamba kudzichotsera zinthu okha kuti apeze malo. Google Docs imatha kugwira popanda intaneti inde, koma uyenera kuyatsa zimenezo uli pa intaneti, munthu aliyense payekha pa makina omwe akugwiritsa ntchitowo, nde mwana akakhala pa makina ena mawa lake ntchito yake saipeza mpaka netiweki ibwere. Ndipo netiweki ikabwera makina onse amathamangira kudawunilodi zawo nthawi imodzi, bandulo yomwe aHedi anagula kuti itifikitse kumapeto kwa mwezi inatha pa masiku ochepa, a bursar anandiitana kundifunsa ngati ana akuonera mpira mu labu.

Za aphunzitsi ndiye musanene. Amene amaphunzitsa Computer Studies amafunika Microsoft Access pophunzitsa ma database, pa Chromebook Access palibe ndipo sizingatheke kuikapo. Anabwera ndi fulashi yawo yodzadza ndi mapulogalamu omwe akhala akugwiritsa ntchito zaka zonsezi, kudina fayilo ya .exe, yomwe ndi pulogalamu ya Windows, makina osayankha kanthu. Munthu wanu pogulitsa anati Word ndi Excel muzingotenga pa Play Store. Zimenezo zinatha kale bwana, a Microsoft anasiya kuthandiza ma app a Office amenewo pa Chromebook mu September 2021, chomwe chilipo ndi Office ya pa intaneti, yomwe ikutibwezeranso ku vuto lomwe lija la netiweki. Fayilo ya a bursar ya ma fizi ili ndi ma macro, timapulogalamu tomwe timayendetsa mabatani a mu Excel, itatsegulidwa pamenepa mabatani ake onse anafa. Anabwerera ku desktop yawo yakale ija, ndipo sindingawanene.

Pulinta nayo, ili bwinobwino imagwira pa desktop, koma pa Chromebook CD yake ya ma driver ilibe ntchito ndipo makina sakuizindikira. Nditaimba, mnyamata wanu anati ndigwiritse Google Cloud Print. Ndinataya madzulo onse kuifunafuna kenako nkupeza kuti inatsekedwa kumapeto kwa 2020. Munthu wolipidwa kuti azithandiza makasitomala akupereka malangizo a chinthu chomwe kulibe. Panopa aliyense wofuna kupulinta amasunga pa fulashi nkubwera kwa ine, nthawi ya mayeso mzere umafika pakhomo.

Zing'onozing'ono zilipo zambiri zomwe pazokha sindikanalembera kalata, koma zikaunjikana zimalemera. Kiyibodi yake ilibe Caps Lock, pamalo pake pali batani la kagalasi kofufuzira, nde madamu achikulire amene anaphunzira taipi kalekale amadina pamenepo pakutuluka zina, ndimachita kuwasonyeza kuti agwire Alt ndi batani limenelo. Delete palibenso, mpaka Alt ndi Backspace. Aphunzitsi a Chichewa amafuna chilembo cha ŵ polemba mayeso, ndinachita kupeza ndekha kuti udine Ctrl, Shift ndi U kenako 0175, ndinalemba pa pepala nkumata kukhoma. Zinthu zoti tsiku limodzi lokha la maphunziro likanathetsa, ndipo tsiku limenelo munalonjeza, lili mu kotesheni yanu mzere womaliza, "training ya aphunzitsi tsiku limodzi". Mpaka lero sitinamuone munthu. Machaja nawonso munatipatsa a mapini awiri a ku America pomwe masoketi athu ndi a mapini atatu, tinakagula ma adaputa pa msika omwe amagwedera, awiri anapsa kale, ndipo ine mtima sukhala mmalo ana akamalumikiza okha.

Chomwe chimandipweteka china nchoti pano palibe amene amakudziwani inu. Amene amamudziwa ndi ine. Makina akakana, anthu amati a makompyuta alephera. Pa msonkhano wa makolo bambo wina anaimirira nkufunsa kuti ndalama zomwe anasonkha zinagula zidole kodi, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine ndi aHedi. Sindinawakwiyire bambowo. Makolo amenewa ambiri ndi alimi a mbatatesi ndi kabichi, ndalamayo anaipeza movutika, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera moti sukulu ngati yathu singangoti tigule ena. Tinali ndi mwayi umodzi wokha ndipo tinaupereka mmanja mwanu chifukwa munaoneka anthu odziwa.

Sindikunena kuti Chromebook ndi makina oipa. 8 omwe ali bwino aja ana amawakonda, amawerengerapo, amaonerapo mavidiyo a sayansi netiweki ikakhala bwino, ena aphunzira kutaipa mwachangu ndithu. Mukanatiuza chilungamo poyamba kuti makinawa amachita izi koma izi sachita, tikanakhala pansi ndi komiti nkuona, mwina tikanagula ochepa a mtundu umenewu nkuwonjezera ma laputopu angapo a Windows a Computer Studies. Chisankho chimenecho munatilanda.

Nde zomwe tikupempha ndi izi. 7 okhomedwa aja muwalandire, mutipatse ena omwe mwawayatsa pamaso panga nkulowa ndi akaunti yathu, kapena mubweze ndalama yake. Musatiuzenso zoti mukulumikizana ndi amene anakugulitsani kunja, nkhani imeneyo yatenga miyezi itatu ndipo ife tinagula kwa inu. 9 otha ma update aja musinthe ndi ena omwe tsiku lake likadali kutali, ndipo tsikulo mulilembe pa risiti pambali pa siriyo nambala ya makina aliwonse kuti tisadzakanganenso. Machaja a mapini atatu mubweretse. Training ija ichitike teremu ino isanathe, ndipo mutumize munthu amene waigwiritsadi ntchito Chromebook, abwere okonzeka kuyankha za pulinta ndi za laisensi yoyang'anira ija kuti tidziwe mtengo wake weniweni.

Ndaika pamodzi ndi kalatayi kope la kotesheni, risiti, siriyo nambala za makina onse 24 ndi zithunzi za zomwe akulemba pa sikirini. Komiti yagwirizana kuti tikupatseni masiku 14 kuyambira tsiku lomwe mwalandira kalatayi kuti mutiyankhe molemba, osati pa foni. Akadutsa masiku amenewo muli chete tikatula nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo aHedi adzauzanso anzawo a sukulu zina za mdera lino omwe anatifunsa kale komwe tinagula. Sitikufuna zifike pamenepo, tikufuna labu igwire ntchito.

Lachisanu likudzali ndikwera minibasi ndi 7 aja mu katoni, ndifika ku shopu kwanu cha mma 10 koloko mmawa. Chonde abwana adzakhalepo.

Ndine,
Woyang'anira labu ya makompyuta